Chitsulo Changa Chinasamukira M'ntchafu

Moni omvera anzanga. Ndine nkhalamba ya ku Vinthukutu, ndipo Chingerezi changa chimathera pa moni.

Chaka chatha ndinagwa pa njinga n'kuthyoka pa akakolo a kumanzere. Kuchipatala anandichita opaleshoni, n'kuikamo chitsulo. Mu wodi ndinasinthana bedi ndi mdala wina wothyoka ntchafu. Iye amafuna pafupi ndi chimbudzi, ine ndimafuna pawindo poonera anthu odutsa. Sitinauze aliyense, osadziwa kuti wokopera malipoti amatsata nambala ya bedi.

Nditabwerera kuti akachotse chitsulocho, namwino wina wa ku Dedza anandiwerengera lipoti langa m'Chichewa.

"Agogo, mawa madokotala atsegula ntchafu ya kumanja."

"Mama, ntchafu imeneyo ngakhale agogo anu aakazi sanaidandaulepo. Yalakwanji?"

Anaseka, koma anati ndikwinye buluku. Ntchafu inali yosalala, yopanda chipsera. Kuseka kunathera pomwepo. Anaitana adokotala, anandijambulanso, chitsulo chinapezeka pa akakolo pomwe anachisiya. Lipoti langa linali litasinthana ndi la mdala wa ntchafu uja. Malipoti onse awiri anawakonza, ndipo mnzanga uja anamuimbira foni asanabwere kudzang'ambidwa phazi labwinobwino. Za kusinthana bedi anandikalipira ngati mwana wa sukulu.

Anzanga, lipoti la opaleshoni musamangolipinda n'kuika m'thumba. Pemphani akuwerengereni, inu mukugwira pamene akutchulapo. Ngati dzanja lanu lapita kwina, pepala kwina, lankhulani mpeni usanafike.