Chitini cha Mayi Mezani

Abusa, anamfedwa ndi nonse mwabwera, malemu amene tagoneka apawa, omwe tonse tinkawatchula kuti Mayi Mezani, anabadwa m'chaka cha 1957, achitatu mwa ana asanu ndi awiri, m'nyumba za kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo awo ankakonza njanji. Ine ndikuwerengane ndine wodula nsalu. Tebulo langa linayang'anizana ndi makina awo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndili ndi mawu awiri amene ndinalephera kuwauza ali moyo, ndipo abale andilola kuti ndiwanene pano.

Sukulu analekezera sitandade 8, kenaka anaphunzira utelala. Koma sukulu ina anaichita kwa bambo awo, amene ankawatenga kukakumba muzu wina wowawa m'mbali mwa njanji. Anawaphunzitsa kuupala, kuuumitsa pamthunzi ndi kuunyika m'madzi ofunda kuti uthandize wodzimbidwa, wotentha pamtima ndi wopotokola m'mimba. Anawapatsanso lamulo lakuti muzu ukalephera masiku awiri, wodwalayo apite kuchipatala.

Mu 1978 anakwatiwa ndi bambo woyendetsa lole, amene akhala apowo. Bambowa amanena okha kuti chakudya cha m'misewu chikanawapha kalekale pakanapanda kabotolo kamene mayi ankawaikira pansi pa mpando.

Kushopu kwathu anabwera mu 1996. Muzuwo ankausunga m'chitini chakale cha mabatani, pansi pa makina, ndipo sanalipiritsepo munthu. Kuwawa kwake, abale anga, kunkafika mpaka m'makutu. Munthu akayamba kukwinya nkhope, iwo osatukula n'komwe phazi pamakina ankangoti, "Mezani, musalawe." Dzina lija linachokera pamenepo. Kutchalitchi ankasoka makatani ndi mayunifolomu a kwaya, ndipo pamsonkhano uliwonse wokhala ndi chakudya ankapita ndi chitini chawo. Sinditchula amene anamwapo, poti ena akhala kutsogolo kuno.

Mu 2009, tsiku lina m'mawa, m'mimba mwanga munandigwira koopsa. Ndinawapempha muzu monga mwa masiku onse. Iwo anandiyang'ana, nandidina kumunsi kwa mimba chakumanja, ine n'kudumpha. Pomwepo anatseka chitini chija n'kuchiponda ndi phazi. Ndinapsa mtima, ndipo pamaso pa anzathu ndi makasitomala ndinawanena kuti ndi mayi woumira, wokondera, wofuna kuona mnzake akufa. Iwo anatuluka, anaimitsa galimoto pamsewu, n'kundikankhiramo tepi yoyezera nsalu ili m'khosi mwanga. Madokotala anandichita opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo anati kathumbo kena kanatsala pang'ono kuphulika. Ndikanamwa muzu n'kukagona kunyumba, mbiri yoyamba kuwerengedwa ikanakhala yanga.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine nditachira kukamwa kunandilemera. Sindinapepese, sindinathokoze. Chimene ndinkachita n'kuyamba kudula nsalu zawo m'mawa uliwonse, anzathu n'kumadandaula. Ndinkaganiza kuti sizasi indilankhulira.

Chaka chatha anayamba kumva kupweteka m'mimba. Anamwa muzu wawo masiku awiri, lachitatu anavundikira makina ndi nsalu n'kupita okha kuchipatala. Kumeneko anawapeza ndi khansa. Analimbana nayo miyezi khumi ndi umodzi, ana awo akusinthana pogonera. Tikuthokoza anamwino, akwaya ndi aneba amene sanatope. Ine ndinapita kukawaona katatu, mawu anga nditakonzeratu panjira, koma ulendo uliwonse ankandifunsa za maoda a kushopu, ine n'kubwerera nawo mawuwo. Anatisiya Lachiwiri masana.

Dzulo mwana wawo woyamba anandipatsa chitini ichi. Akuti mayi analamula kuti chipite kwa wodula nsalu, chifukwa kutsegula chitini aliyense angathe, koma iyeyo ndi amene akudziwa tsiku loyenera kuchitseka. Anawonjezeranso kuti nsalu zija ankaziona m'mawa uliwonse, ndipo anamva kalekale.

Ngakhale munamva, Mayi Mezani, lero ndinena ndi pakamwa, pamaso pa anthu monga mmene ndinakunyozerani pamaso pa anthu. Pepani. Zikomo. Zaka zonsezi ndaona ana anga akukula chifukwa cha tsiku limene munandimana.

Malemu asiya amuna awo, ana aakazi atatu, mwana wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mchemwali wawo wamkulu ndi alongo awo awiri.

Zowawa anameza zakwana. Apumule mu mtendere.