A Yakobo Sandifolo, Mmisiri wa Njerwa Zosaotcha

Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Yakobo Sandifolo. Anabadwa m'chaka cha 1959 m'mudzi mwa Chilambe, kwa Maganga, m'boma lino la Salima. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la malemu Bambo Alex Sandifolo, amene anali msodzi, ndi malemu Mayi Maggie Nabanda. A banja apempha kuti mbiriyi iwerengedwe yonse, osadumpha ndime, ngakhale ndime zina ziwawa. Zikukhudza mitengo imene ikutipatsa mthunzi pamanda ano. Malemu anailimbanira mpaka mpweya wawo womaliza, ndipo nkhani yake sinathe.

Sukulu anayamba mochedwa, ali ndi zaka khumi, chifukwa bambo awo ankawafuna m'bwato. Analekezera Sitandade 7. Panyanja sanakhalitse. Bwato likangodutsa mabango ankachita chizungulire, anzawo n'kumawaseka kuti mwana wa msodzi woopa madzi sanamuonepo. Amalume awo anawatenga kukaponda dothi pa ntchito yomanga ku Khombedza, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kugwira mpeni womangira ndi levulo.

M'chaka cha 1984 anakwatira Mayi Enifa Nangondo, ogulitsa usipa wouma, ndipo ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchi chathu chakale chija. Akhala limodzi zaka zonsezi popanda ankhoswe kuitanidwa.

Pa ntchito yawo anamanga nyumba, magolosale ndi malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja monsemu. Ankadziwikanso pa kuotcha njerwa. Anthu ankati uvuni wosanjidwa ndi a Sandifolo sutulutsa njerwa yaiwisi, ndipo ankawaitana midzi yakutali. Utsi wa mauvuni amenewo ndi umene unawasiyira chifuwa. Iwo anaonanso ndi maso awo mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikutha, ngolo zikuyamba kupita kutali kukasaka nkhuni, madzi akulowa m'minda ya mpunga mmene kale sankafika.

M'chaka cha 2012 bungwe lina limene linkamanga makalasi linawaphunzitsa kuumba njerwa zosaotcha. Amasefa dothi, kusakaniza ndi simenti pang'ono, kulitsindira m'matchini a manja, n'kuziumitsa pamthunzi akuzithirira madzi. Atabwerako anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri n'kugula matchiniwo, ndipo sanasonkhenso uvuni. Ankakonda kunena kuti, "Nyumba imafuka utsi wambiri munthu asanasonkhemo moto." Ankatanthauza utsi wa uvuni, utsi wa kufakitale kumene amaotcha simenti, ndi utsi wa malole otuta katunduyo. Mpweya umenewo, ankati, suchoka kumwamba, ndiwo ukuwonjezera kutentha ndi kusokoneza mvula. N'chifukwa chake simenti ankaigwiritsa ntchito moumira, ndipo nyumba ikagwa ankatola njerwa zake, kuzipala, n'kumangiranso ina. Anthu anawapatsa dzina lakuti a Zidina. Iwo ankangoseka, n'kumiza njerwa yawo imodzi m'chidebe cha madzi, n'kuuza wonyozayo kuti abwere mawa adzaione ngati yasungunuka. Ambiri sankabwera.

Anabatizidwa m'chaka cha 1975, ndipo anatumikira ngati mkulu wa mpingo zaka zambiri. M'kwaya ankaimba besi, mwamphamvu kuposa mokoma, ndipo anzawo anawapirira.

Mpingo utagwirizana zomanga tchalitchi chatsopano, mwambo wathu unali wodziwika: mlaga uliwonse, kapena kuti dera lililonse la mpingo, uumbe njerwa, uotche uvuni wake, ndipo tsiku lotsegulira atchule mlaga umene unaposa inzake. Malemu anapempha kuti ulendo uno timange ndi njerwa zosaotcha, iwo apereka matchini ndi luso lawo ulere. Msonkhano unavomera. Amene anakweza manja tsiku limenelo ambiri muli pano. Amayi anasenza dothi ndi madzi, abambo anasinthana pa matchini, ndipo khoma linakwera mpaka m'mawindo.

M'mwezi wa Juni chaka chino chifuwa chija chinawagwetsa, ndipo anagonekedwa kuchipatala cha boma. Ali chigonere, kuno kunayamba manong'onong'o. Ati nyumba ya Mulungu singamangidwe ndi zidina ngati khola la nkhumba. Ati a mipingo ina atiseka. Ati nanga milaga idzapikisana bwanji popanda uvuni. Palibe amene anayankhula zimenezi pamaso pawo, palibenso amene anakwera njinga kukawafunsa kuchipatala, ngakhale ena ankapita kukawapempherera. Tsiku lina Loweruka a komiti yomanga anabwera ndi mapiki, n'kugwetsa khoma limene amayi anasenzera dothi lake miyezi yathunthu. Kenaka anadula mitengo ya mango ya pabwalo la tchalitchi, ndi nsangu za m'njira ya kuchitsime. Uvuni anausanja kuseri kwa nyumba ya a Sandifolo, poti chulu chabwino chili kumeneko.

Adokotala anali atawauza kuti asayandikirenso utsi. Malemu anatuluka m'chipatala n'kufikira mu utsi pakhomo pawo pomwe. Mayi Enifa anapita kukadandaula, ndipo anawayankha kuti mphepo si ya komiti, ndi ya Mulungu. Munthu wodwala anachoka m'nyumba imene anamanga ndi manja ake, n'kukagona pabalaza kwa mwana wawo ku Khombedza mpaka moto utazima.

Nkhuni zija zinali zaziwisi. Atagumula uvuni, njerwa zambiri zinatuluka zosapsa, zonyenyeka m'manja. Mitengo ya mango inapita pachabe. M'malo moti achite manyazi, a komiti anagwirizana zoumba zina, ndipo poti kunja kulibenso mitengo, anatembenukira kumanda kuno. Anati manda ndi a mpingo, tsono mitengo yake ndi ya mpingo. Amene mwatsamira mbawa zikuluzikuluzo tachewukani, muona pamene anasema ndi chikwanje n'kupakapo penti wofiira. Makolo athu sankatola ngakhale kankhuni kouma kumanda. Ife tagwirizana zoidula Loweruka likubwerali, mvula isanagwe.

Malemu atamva anapempha kuti awanyamule pa njinga kupita ku msonkhano wa komiti. Anawakhazika pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, akutsokomola. Anthu amene anali m'katimo ena anaphunzira kumanga kwa iwo, ena akugona m'nyumba zimene iwo anamanga. Potuluka anawauza kuti nkhani zinachuluka, adzawamva ulendo wina. Pobwerera kunyumba malemu anangouza akazi awo kuti sakudandaula khoma, khoma limamangidwanso, koma mbawa ikadulidwa, munthu amafa ina isanakule.

Sabata yatha matenda anakula, anabwereranso kuchipatala, ndipo Lachiwiri m'mawa anatisiya. A banja sakunena kuti pali munthu amene anawapha. Chifuwacho chinali chakale, ndipo tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu. Koma miyezi yawo yomaliza akanatha kuikhala pakhomo pawo, akupuma mpweya wabwino, akuona ntchito yawo ikukwera. Zimenezo anawalanda ndi anthu amene ankadya nawo mgonero.

Dzulo a komiti anatumiza ngolo ya njerwa zootcha, zosankhidwa pa uvuni womwe uja, ati chipepeso, tiwakire manda. Mayi Enifa anathokoza woyendetsa ngoloyo, anam'patsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti abwerere nazo. Ana a malemu anapita pa bwinja la khoma lija kukatola njerwa za bambo awo. Zambiri anazipeza zathunthu ngakhale zinagwetsedwa ndi mapiki, ndipo ndi zimene zawakira manda awa.

Ena mwafunsa chifukwa chimene manda sanakumbidwe mumzere wa banja, pafupi ndi makolo awo. Mayi Enifa ndi amene anapempha, amalume a banja anavomera, kuti amuna awo agone pano, pakati pa mitengo yopakidwa pentiyi. Adzukulu okumba manda anadandaula kuti akuzemba mizu ngati akupalira mbatata, ati a Sandifolo ngakhale atagona akuwagwiritsabe ulebala, koma anakumba. Tsopano uliwonse mwa mitengoyi, kulikonse kumene ungagwere, nthambi zake zifika pa mtumbira uwu. Amene abwere ndi nkhwangwa Loweruka adziwiretu zimenezo, ndipo mayiwa anena kuti adzakhala ali pompano, kuti adzamuone nkhope.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Enifa Sandifolo. Ana anayi, Davie, Rosemary, Janet ndi Mayeso, amene watsala ndi matchini aja. Zidzukulu zisanu ndi zinayi. Achemwali awo awiri, ndi mng'ono wawo mmodzi, a Anderson.

Bambo Yakobo Sandifolo agwira ntchito yawo, atopa. Apumule mu mtendere, ndipo ife otsala tiwalole.