Ankati Ndayambiranso Mowa, Pomwe Vuto Linali Pansi pa Galimoto

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine Lameki, kwathu ndi ku Kasungu, koma ndimayendetsa takisi pakati pa Mzimba Boma ndi Manyamula. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, ndiye chiwongolero ndicho khasu langa. Mwezi watha ntchito imeneyi inatsala pang'ono kundithera chifukwa cha mbiri yoti ndayambiranso mowa.

Sindibisa, kale ndinkamwa, ndipo mtima wanga ndi wapachala mpaka lero. Koma mowa ndinasiya. Vuto linali galimoto. Pa tala inkayenda bwinobwino, koma ikangogunda bampu pamsewu wafumbi inkadumpha ngati mbuzi, kumbuyo n'kumalowera kwake, chiwongolero n'kumandikana m'manja. Okwera anakadandaula kwa eni galimoto, a Kamwendo, aphunzitsi a pa Boma. Iwo anati, “Lameki, anthu akuti ukuyendetsa utaledzera. Ndikangomvanso kamodzi, ubweze makiyi.” Ine potuluka ndinamenyetsa chitseko chawo, ndiye ndinangowawonjezera umboni. Mkazi wanganso anayamba kundinunkhiza ndikafika pakhomo. Zimenezi ndiye zinandibaya.

Ndinaganiza kuti mwina matayala ndi ofewa. Ndinawapopetsa mpaka anauma gwa, ndikuyesa mpweya pongowamenya ndi phazi monga timachitira pa siteji. Zinthu zinafika poipa.

Lachisanu lina m'mawa, tikuyandikira kamlatho kena panjira ya ku Manyamula, ndinagunda bampu. Galimoto inadumpha, inakhotera kumbali, n'kukaima tayala lakumbuyo lili m'mphepete penipeni mwa ngalande yakuya. Amayi ena m'galimotomo anakuwa. Bambo wina wovala jekete anati, “Chidakwa iwe, utipha! Ndikuimbira a Kamwendo pompano.” Magazi anandithamangira kumutu. Ndinatuluka n'kusolola sipanala yomasulira mawilo kuti ndimumenye nayo bamboyo. Dzanja lili m'mwamba ndinangoti chamumtima, Yesu, gwireni dzanjali, ine landikanika.

Amene anandigwira mkono anali a Mhango, mdala amene ndinamukalipira pa siteji m'mawa womwewo chifukwa chochedwa kukwera. “Mwana wane,” anatero, “sipanalayo ndi ya mawilo, si ya mitu ya anthu. Tabwera kuno.” Anandiuza kuti anakalambira pantchito yokonza malole a matabwa ku Chikangawa. Anatsitsa anthu onse, tinakankhira galimoto pamalo abwino. Kenako anaikanikiza pakona yakutsogolo n'kuisiya. Inadzuka kamodzi n'kukhazikika. Atakanikiza kumbuyo, inanjanja mwina kanayi isanaime. Anandigwaditsa n'kundionetsa mashoko, zitsulo zija zimaletsa galimoto kudumphadumpha. Mashoko akumbuyowo anali atanyowa ndi oyilo, fumbi litamatirira. Anandiyendetsa chikhatho pa tayala, ndinamva kuti ladyeka mosiyanasiyana, pena potsika pena pokwera.

“Mashoko afa chomene, ndipo akutha nawo matayala,” anatero. “Iwenso wawapopa ngati mpira. Mbwenu, ndiye ukufuna isadumphe bwanji?”

Bambo wa jekete uja anali ataimba kale. A Mhango anapempha foniyo n'kuuza bwana wanga kuti, “Adada, ndagwada naye pamodzi mnyamatayu, fungo la mowa alibe. Pakamwa pokha ndiye ndi poipa. Bwerani mudzakanikize nokha galimoto yanu.”

A Kamwendo anafika pa njinga yamoto nkhope ili gwa. Anakanikiza kutsogolo, anakanikiza kumbuyo, n'kudzionera okha ikunjanja. Tinaphwetsako matayala, ndipo ndinabwerera ku Boma pang'onopang'ono mpaka kugalaja. Amakaniko atasintha mashoko ndi matayala awiri akumbuyo, a Kamwendo anandiika makiyi m'manja n'kunena kuti, “Ndinakulakwira, Lameki.” Mkazi wanga atamva analira.

Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa sipanala ija ikanatsika, bwenzi pano ndili kundende, choonadi chitatsala pansi pa galimoto. Inu amene akukunamizirani, musafulumire kukweza dzanja. Pempherani, pirirani, thandizo likhoza kukhala mwa munthu amene mwamunyoza m'mawa.

Lamlungu ndinapita ku Manyamula kukapepesa kwa a Mhango. Anaseka n'kuti, “Yewo, mwana wane. Koma ukagule geji yoyezera matayala, phazi lako silidziwa mpweya.” Ndinagula. Alemekezeke Ambuye.