A Mbewe ndi Kulira kwa Datsun Yawo

Malemu bambo Ackson Mbewe anabadwa pa 9 Marichi 1961, kuno ku Kafue, m'nyumba za njanji pafupi ndi siteshoni. Ine ndaima pano ndine Titus, mng'ono wawo.

Sukulu anaphunzira konkuno, ndipo mu 1980 anapita ku Lusaka kukaphunzira zowotcherera zitsulo. Mu 1983 analembedwa ntchito pa fakitale ina ku Indasitiriyo. Mu 1987 anamanga banja ndi mayi Beatrice, amene akhala apawa.

Mu 1994 anagula Datsun yakale ya buluu ija mukuidziwa nonse. Titawaseka kuti agula chiphakasa, anatiyankha kuti injini ili bwino, ikungobanika. Anachotsa ekizozi yonse yotulutsira utsi, napinda mapaipi okulirapo, nakonza sailensa yawoyawo. Galimoto ija inayamba kukwera chitunda cha Shimabala osapempha giya, ndipo kulira kwake kunali kwa besi ngati ng'oma ya kutchalitchi. Ankaimvetsera atatsinzina. Kunena zoona, enafe inkatisokosera, koma iwo ankati makutu athu ndi osaphunzira.

Atapuma ntchito mu 2002 anatsegula galaja pakhomo pawo. Madalaivala a maminibasi ambiri muli pano munadutsa m'manja mwawo.

Tsopano ndinene za imfa yawo, chifukwa tamva zonong'ona. Ena akuti a Mbewe anadzipha. Ena akuloza chala mlamu wanga. Zatipweteka kwambiri, ndipo banja landituma kuti ndikuuzeni mmene zinakhalira.

Mu Julayi chaka chino anayamba kupanga ekizozi yatsopano, poti analonjeza mwana wawo Joy kuti Datsun ndiyo idzamunyamule pa ukwati wake mu Seputembala. Anaimaliza Lachiwiri lapitali. Tsiku lomwelo kwa aneba awo, a Moses Mweemba, kunagwa maliro a mayi awo. A Mbewe anagona kumaliroko, anathandiza kuwaza nkhuni. Lachitatu masana anauza akazi awo kuti akufuna kungoimvako Datsun ija pang'ono. Mayi anawakumbutsa kuti kuseri kwa mpanda anthu akulira, si nthawi yoliza injini. Iwo anavomera kuti n'zoona, ndipo anati aonetsetsa kuti phokoso lisatuluke.

Anatseka zitseko za galaja, natseka mipata yonse ndi masaka a fetereza, kenako naliza injini. Munthu amene ankakalipira anyamata ake tsiku lililonse za utsi wa galimoto, tsiku limenelo anaganizira za ofedwa okha. Mayi atabwerako kumaliro kuja anawapeza atagwa pambali pa tayala lakumbuyo, sipanala ili m'manja. Tinathamangira nawo kuchipatala, kumene madokotala anati utsi unawalowa m'magazi. Anatisiya Lachinayi m'mawa, pa 15 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 63.

Akulu anga sanatope ndi moyo. Suti ya ukwati anali atayesa kale kwa telala. Choncho amene munalankhula, kabwezeni mawu anu komwe munawasiya. Mlamu wangayu anawachenjeza, ndipo ndi iye anawakoka yekha kuwatulutsa panja.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Derrick, Owen ndi Joy, ndi adzukulu anayi. Tikuthokoza a mpingo, amayi ophika, madalaivala amene mwapereka mabasi, ndi madokotala amene anayesetsa. Mwapadera tikuthokoza banja la a Mweemba. Mwaika mayi anu dzana, lero mwatikumbira manda. Tamva kuti mukudziimba mlandu. Chonde musatero. Pamaliro panu simunamve phokoso lililonse, ndipo n'zimene iwo ankafuna.

Joy mwana wanga, ukwati sitiimitsa. Derrick adzakuyendetsa pa Datsun yomweyo. Bambo ako anaimva, enafe tidzaimvera tsiku limenelo.

Akulu anga, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.