Maliro amene sanagoneke makasu

Malemu anabadwa pa 4 Juni 1961 ku Mbayani, m'banja la a Muhiwa, makolo athu amene anachokera ku Mozambiki kudzafuna ntchito m'tauni muno. Dzina lawo ndi mayi Ida Namaona. Ine ndaima panoyu ndine Clifton, mlongo wawo wamng'ono. Mundikhululukire ngati ndikuthamangitsa mawu, mitambo yadera pamwamba pa Soche apo mukuiona nokha.

Sukulu anayamba mu 1968 ndipo analekezera Sitandade 8, poti bambo athu anati sekondale ndi ya mwana wamwamuna. Mwana wamwamunayo ndinali ine, ndipo mpaka mwezi watha achemwali ankandikumbutsabe kuti ndinawadyera sukulu popanda choonetsa. Mu 1979 analembedwa ntchito m'sitolo ya nsalu ya a Jayant ku Limbe, komwe anagwira mpaka 2010. Mu 1983 anamanga ukwati woyera ndi a Aleck Namaona, makaniko, nadzakhazikika kuno ku Chilobwe, panyumba tasonkhana pano.

Mu Malichi 2023, namondwe uja atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri, alamu anga a Aleck anapita ndi madzi, pamodzi ndi anthu ena amene mayina awo mukuwadziwa kuposa ine. Kuyambira pamenepo achemwali sanakhalenso pansi. Ankati madzi alibe mlandu, olakwa ndife amene sitinawapatse njira. Anthu a dera lino anawasankha kutsogolera komiti, ndipo maofesi a m'tauni anawayenda mpaka alonda a pageti anayamba kuwatchula dzina asanalonjere.

Mu Epulo chaka chino cha 2024, bungwe lina loona za madzi linavomera kutithandiza. Pangano linali lomveka. Iwo apereka ndalama za simenti, mapaipi ndi akatswiri, ife tipereka manja. Tikumbe ngalande yaikulu m'munsi mwa phiri, yokolola madzi a mvula ndi kukawathira m'thanki kuseri kwa msika, kuti m'chilimwe amayi azichapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Anatiuziratu kuti mvula ikatipeza tisanamalize, gawo lachiwiri la thandizolo lipita ku dera lina.

Tsono ife tili ndi mwambo wathu, ndipo ndi wabwino: masamba akangoikidwa pamsewu kusonyeza kuti pagwa zovuta, khasu limagona mpaka titaika m'bale wathu. Chaka chino maliro atichulukira. Tikati tiyambe kukumba, uthenga wafika. Tikati tibwerere, wina watisiya. Ndiye lero ngalande ija yalekezera pamwamba penipeni pa nyumba za kumunsi kwa tchalitchi, kukamwa kuli yasa. Mvula yamphamvu ikagwa tisanaifikitse kuthanki, isonkhanitsa madzi onse a m'phiri ndi kuwakhuthulira pa anthu amenewo. Bola tikanapanda kukumba n'komwe! Achemwali ankazidziwa zimenezi. Maliro sankajomba, nyimbo ankaimba ndi amayi anzawo, koma maso ali kuphiri.

Mu Okutobala anagwa akututa miyala kungalande komweko. Kuchipatala cha Gulupu anawapeza ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, koma Loweruka pa 16 Novembala anatisiya.

Tsopano ndinene zimene zikunong'onedwa pano, poti makutu ndili nawo. Mwaona kuti Wyson, mwana wawo woyamba, sali pambali pa bokosi. Mwamvanso makasu akulira kumtunda uko, ife tili pa maliro. Ena akuti mwanayu ndi wopanda khalidwe, ena afika ponena kuti ndi wokhwima. Zikundiwawa kwambiri, abale anga, chifukwa mwanayu akuvutika kuposa tonsefe.

Lachinayi, kuchipatala kuja, achemwali anatiitana ine ndi Wyson. Anatiuza kuti maliro a anthu ena analibe nawo mphamvu, koma awowa ndi awo, ndipo sakufuna kuti agoneke khasu ngakhale limodzi. Wyson anakana, analira ngati kamwana. Iwo anamuuza kuti anachita kufukula mtembo wa amuna awo m'matope, ndipo safuna mayi wina adzafukule mwana wake chifukwa choti anthu anali pansi kulira Ida. Anamugwira dzanja osamusiya mpaka anavomera. Tinakawafotokozera amfumu, ndipo analola ngakhale zinawawawa mumtima. M'mawa uno Wyson anabwera kudzaona nkhope ya mayi ake, matope ali m'miyendo, kenako anabwerera kukakumba.

Malemu asiya ana atatu, Wyson, Miriam ndi Annie, zidzukulu zisanu, ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza amfumu, abusa ndi mpingo wonse, amayi amene mwagona nafe pano, anamwino a ku Gulupu, banja la a Jayant limene latithandiza galimoto, a bungwe amene mwabwera kudzatipepesa, komanso inu adzukulu amene mwakonza nyumba ya achemwali.

Pempho la banja ndi limodzi. Tikachoka kumanda, musabwerere kudzakhala nafe pano, kupepesa kwanu talandira kale. Amene muli ndi mphamvu tikakumane kumtunda, patsala pang'ono kuti tifike pathanki. Adzukulu, makasu anu musawatsuke. Abusa, pepani, ulaliki ukhale waufupi, mphepo ija yasintha.

Achemwali, mzimu wanu uuse mu mtendere. Dothi m'manda mwanu ndiponya ndine m'malo mwa Wyson. Iye sabwera, ali komwe munamutuma.