Malemu a Lameck Kamwendo ndi Kanthu ka Miyendo 16

Ndagi, anamfedwa: kanthu kochepa ngati chiwala, miyendo khumi, isanu ndi umodzi, sikayenda, koma masamu kamaposa aphunzitsi. Yankho lisungeni kaye.

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1949 ku Ntcheu. Ine Asimenye ndine azakhali awo, ngakhale ndinawaposa ndi zaka ziwiri zokha. Sukulu tinayamba limodzi. Ine ndinalekera Sitandade 2, iwo anapitirira mpaka kufika ku Manchester mu 1970 kudzaphunzira zamagetsi.

Mu 1971 ku Amerika anayamba kugulitsa kaubongo koyamba ka makina, Intel 4004, kamene anakapangira makina owerengetsera a ku Japan. Mkati mwake muli timaswichi 2,300, ndipo manambala kamaluma pang'onopang'ono, tizidutswa tinayi basi totchedwa mabiti, ngati ine wopanda manone. Mu 1973 malemu analembedwa ntchito yolumikiza timaubongoti, timene pa Chingerezi amati tchipisi, m'masikelo a m'mafakitale. Atalemba kalata kuti akugwira ntchito ya tchipisi, mayi awo analira. Mwana kuwoloka nyanja kukakazinga mbatata!

Mu 1978 anakwatira mayi Constance. Fakitale itatsekedwa mu 1984, mapepala awo sanawathandizenso. Ananyamula makatoni kuno ku Rotherham zaka makumi awiri, osadandaula.

Mu 2019 anayamba matenda oiwala. Anaiwala njira ya kunyumba, anaiwala dzina la akazi awo, koma kachitini kamene ankasungiramo kamodzi ka timaubongo tija sankakasiya. Anatisiya pa 2 Febuluwale 2024. Tiwaika kuno, m'dothi lozizira lachilendo, poti kumudzi owadziwa anatha.

Asanadwale ananena kuti kachitiniko kadzapite kwa woyankha ndagi ija. Sabata yonseyi alamu awo, a Overton, akhala akupanikiza mayi Constance kuti awapatse, ati ndiwo anaphunzitsa malemu ntchito ya tchipisi. Dzulo ndinawaponyera ndagiyo. Anakanda dazi, n'kuti nkhanu. Shirley, mwana wa malemu amene a Overton amamuseka kuti Chichewa chimamuvuta, anayankha m'Chingerezi chakecho kuti ndi kaubongo ka m'kachitini kaja, misozi ili chuchuchu. Kachitini n'kake.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Shirley ndi Mthokozisi, ndi zidzukulu zitatu. Tikuthokoza a mpingo, manesi amene anawasamalira, ndi a Overton omwe. Tchipisi chimene mudye tikachoka kumanda akazinga ndi iwowo, poti ntchito ya tchipisi amaidziwadi.

Sekani, musaope, eni ake akanaseka. Mzimu wawo uuse mumtendere.