Phiko Linaima Pakati pa Ine ndi Apongozi Anga

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye, amene muli kuno ku London ndi amene muli kumudzi. Ine ndine Lyson Kachale, kalipentala, ndimakhala ku Barking. Ondidziwa adabwa kuona kuti ndalemba, pakuti sindine munthu wa mawu ambiri. Koma Mulungu anandichitira chinthu pa nthawi imene ndinaferedwa mkazi n'kutsala ndekha m'dziko la eni, ndipo ndaona kuti kukhala nacho chete si ulemu.

Mkazi wanga Esinati anali namwino. Ndiye anatsogola kubwera kuno chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ine ndinamutsatira, n'kupeza ntchito pa kampani yopanga zitseko ndi mawindo. Ana Mulungu sanatipatse. Pa kampanipo panali mzungu wina wachikulire amene anali atayamba kupanga ndege yamatabwa kunyumba kwake, ndege ya munthu mmodzi, ya kapangidwe kakale, yoyendera injini ya galimoto. Maso ake anayamba kufooka. Popuma pa ntchito anandipatsa mapulani ndi matabwa onse, nati safuna kuti zithere pamoto. Ine ndinakulira pafupi ndi Chileka, ndikuyang'ana tindege tating'ono tikutera, choncho sindinakane. Ndinachita lendi galaja kuseri kwa mafulati athu, n'kuyamba.

Esinati anaseka mpaka kugwira nthiti. "Anzanu akumanga nyumba ku Lilongwe, inu mukumanga ndege. Ndiye tikadzakalamba tizidzagona m'mapikomo?" Komabe Loweruka akakhala kuti alibe shifiti ankabwera ndi tiyi mu fulasiki, n'kukhala pa kampando pakona, akundinyogodola ine ndikupala matabwa.

Tsiku lina ndinamufotokozera za ntchito yomaliza. Phiko la ndege yotere ndi mafupa a matabwa okhaokha, okhala ndi nthiti zondandalikana. Pamwamba pake mumakuta nsalu, n'kuisita ndi simbi kuti ikungike ngati ng'oma. Kenako nsaluyo mumaisokerera ku nthiti iliyonse, apo ayi mphepo idzaisenda ndege ili m'mwamba. Posoka, phiko mumaliimika ngati chipupa. Wina amaima mbali ino n'kubaya singano yotalika kuchokera kuchigongono mpaka kuzala. Wina mbali inayo amailandira n'kuibweza, ndipo singano ikapita n'kubwerera pamamangidwa mfundo.

"Imeneyo ndi yanga," anatero Esinati. "Ine ndimasoka anthu amoyo, ndingalephere nsalu? Musadzaitane munthu wina."

Sanafike pa nsaluyo. Khansa inamugwira, ndipo sipanapite miyezi yambiri anatisiya. Abale a mumpingo anandithandiza kunyamula thupi lake kupita nalo kwawo ku Ntcheu.

Kwawo kwa Esinati mwambo wa chipongozi sasewera nawo. Mkamwini sayang'anana maso ndi mayi a mkazi wake, sakhala nawo pamphasa imodzi, ndipo mukakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Zaka zonse za ukwati wathu, ine ndi apongozi anga tinkalankhulana kudzera mwa Esinati. Tsopano wotilumikiza uja anali m'bokosi. Maliro onse anatha ine osamva liwu lawo, ngakhale lodzera mwa munthu. Ndinabwerera ku London nditatsimikiza mumtima kuti akundiimba mlandu. Mwana wawo anachoka wamoyo ali m'manja mwanga, ine ndawabwezera bokosi.

Za masiku otsatira sinditalikitsa. Ndinasiya kupita kutchalitchi kwathu ku Peckham, chifukwa maso achisoni a anthu ankandilemera kuposa kukhala ndekha. Foni ikalira sindinkayankha, mpaka inatopa. Ndinkachoka kuntchito, kukwera sitima yodzaza ndi anthu osayang'anana, kutsika pa Barking, kulowa mu galaja. Masabata ankatha ndisanalankhule Chichewa, kupatula pamene ndadzimenya chala ndi hamala. Kampando ka Esinati sindinakasunthe, ndinkangokapukuta utuchi. Nyengo yachisanu guluu sagwira bwino, ndiye hita ndinkaiyang'anitsa ku matabwa, ine ndikunjenjemera mu jekete. M'menemo ndinamaliza thupi la ndege, mchira ndi mapiko onse awiri. Mkulu woyendera ntchito, wochokera ku bungwe la anthu odzipangira ndege, anabwera n'kusuzumira paliponse ndi tochi. Anati ndikhoza kukuta nsalu.

Pa nthawi yomweyo tinauzidwa kuti magalaja onse agwetsedwa nyengo yotentha ikamatha, pamangidwe nyumba. Ndinafunafuna malo. Okhawo amene ndinapeza anali pa kabwalo ka ndege ku Essex, pansi pa shedi yopanda zipupa. Ndege yokutidwa nsalu ndi yopakidwa penti ikhoza kukhala pamenepo. Mafupa apoyera sangathe, chifukwa mvula ya kuno ingafufumitse matabwa ndi kumasula guluu yense. Choncho zinali ziwiri: kusoka mapiko magalaja asanagwe, kapena kutaya ntchito yonse imene Esinati anaionerera ikukula.

Ndinayesa ndekha. Nsalu ndinamata, ndinasita, inakungika bwino. Ndinkabaya singano, kuzungulira phiko kukaitenga, kuibweza, kuzunguliranso. Popanda wolandira, singano inkatulukira pambali pa chizindikiro n'kusiya mabowo pa nsalu yatsopano. Koma si mabowo amene anandigonjetsa. Nthawi iliyonse ndikazungulira, ndinkafika pamalo pamene pankayenera kuima Esinati, n'kupeza singano ili lende, yokhayokha. Loweruka lina masana mphamvu zinandithera. Ndinatenga sowo n'kuiika pa mtanda waukulu wa phiko. Ndinati ndingodula, zonse zipite kudzala. Kunena zoona, sindinkadziwa chimene chikanandidzutsa m'mawa pambuyo pake.

Sindinadule. Ndinagwada mu utuchi momwemo. Linali pemphero langa loyamba chiikireni maliro, ndipo linali lalifupi. Ndinati, Ambuye, munanditengera dzanja la mbali inayo. Ndipatseni lina, kapena mundichotsere mtima pa chinthu ichi. Sindinamve yankho lililonse. Mvula inayamba kuwaza pa malata. Ndinabwezera sowo pa msomali wake n'kupita kunyumba.

M'sabata yomweyo kunabwera Grace, mng'ono wake wa Esinati. Nayenso ndi namwino, amakhala ku Peckham, ndipo anali atangobereka kumene. Anagogoda mpaka ndinatsegula.

"Alamu, foni yanuyi munagulira kukongoletsa nyumba? Amayi abwera kudzandithandiza mwana. Akufunsa za inu. Sande mubwere, ndipo za ovataimu sindikufuna kumva."

Ndinapita. Fulati ya Grace ndi yaing'ono, ilibe kuseri kobisalako. Ndinanjuta m'kanjira ka pakhomo, pakati pa nsapato ndi kangolo ka mwana. Apongozi anali m'chipinda chochezera, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo Grace anaima pakati n'kumanyamula mawu. Titapatsana moni ndinamva akunena chapansipansi, Grace n'kubwereza.

"Akuti Esinati ankawauza pa foni kuti pali ntchito yosoka imene ikumudikira. Akuti inasokedwa?"

Ndinati ayi.

"Akuti Loweruka mukawaonetse." Kenako Grace anatembenukira m'chipindamo. "Koma amayi, inu ndi akamwini anu mu galaja imodzi? Kumudzi akamva?"

"Akawauza ndani? Iweyo?"

Loweruka anabwera pa sitima, Grace atabereka mwana kumbuyo. Nditamva akufika ndinakaima kuseri kwa phiko. Ndinamva mapazi akuyenda pang'onopang'ono, ndi dzanja likusisita nsalu kuchokera kunsonga mpaka kutsinde. Kenako apongozi analankhula, osati kwa Grace, koma ngati akuuza phikolo.

"Nanga vuto lili pati? Chipupa si ichi? Akamwini akhale uko, ine kuno."

Kamangidwe ka mfundo ndinaonetsa Grace pa kathabwa, iye n'kukawaonetsa mbali inayo. Apongozi anali atasoka mayunifomu a amayi a mumpingo zaka zambiri, choncho sanachedwe kugwira. Mwana atayamba kulira, Grace anatuluka naye. Tinatsala awiri.

Ndinabaya singano. Inalandiridwa. Patapita kamphindi nsonga yake inatulukira mbali yanga, pa chizindikiro penipeni. Abale, apa mawu andichepera. Nsalu isanapakidwe penti imalowetsa kuwala, ndipo khomo la galaja linali kumbuyo kwawo. Nkhope sindinkaiona, koma chithunzithunzi chawo chinali pa nsalu. Msinkhu unali wa Esinati, kapendeketsedwe ka mutu kanali ka Esinati. Nthiti yoyamba ndinaisoka misozi ikugwera pa malaya, ndikuyamika kuti sakundiona.

Tinasoka Loweruka limenelo ndi ena otsatira. Poyamba mawu athu anali a ntchito okha: kokani, dikirani, chingwe chakodwa. Nthawi ya tiyi Grace ankawaikira kapu mbali yawo, ine yanga mbali yanga. Tsiku lina ndinamva kampando kaja kakukokedwa, iwo n'kukhalapo kuti apumitse msana. Sindinaletse.

Tili pakati pa phiko lachiwiri, singano inachedwa kubwerera. Ndinadikira. Kenako anati, "Akamwini, pa maliro paja ndinafuna kukuthokozani. Ndinasowa womutuma. Amene ndinkamutuma ndi amene tinkamuikayo. Munandibweretsera mwana wanga. Ndikudziwa pamene wagona, ndimakalambulapo. Ana a anzanga anaikidwa m'mayiko akunja."

Ndinati, "Amayi, ine ndinkayesa mukundida."

"Ine ndinkayesa mwatitaya. Munthu osatumiza ngakhale moni?" Nsonga ya singano inatulukira. "Kokani. Ndipo Sande ndikuoneni kutchalitchi, ngakhale kumsana kokha."

Sande ndinapita. Ndinakhala kutsogolo, iwo kumbuyo, kuti andione kumsana monga ananenera.

Mapiko anatha nthawi ilipo. Woyendera ntchito uja anabwera, anapima mfundo ndi chala, nasaina. Penti ndinapaka yachikasu. Tsiku losamutsa, amuna a mumpingo amene ndinkawathawa aja anabwera okha ndi lole. M'bale wina wa ku Chipata anazungulira ndegeyo manja ali m'chiuno, nati, "Mudala, iyi izambululuka zoona, olo tikunyamula chabe nkhuni?" Ndinaseka, ndipo ndinadabwa kumva kuseka kwanga. Sipanapite nthawi, magalaja anagwetsedwa.

Ndegeyo inauluka chaka chotsatira. Woyamba kuiulutsa anali munthu wodziwa kuyesa ndege zatsopano, ine nditaima pa udzu ndagwira chipewa. Apongozi anali atabwerera kale ku Ntcheu. Madzulo ake ndinaimba pa foni ya mdzukulu wawo kuti awauze, koma iwo anailanda. Anati foni nayonso ndi chipupa, tikhoza kulankhulana. Za m'mwamba sanafunse zambiri. Anangoti, "Mfundo zanga zinagwira?" Ndinati zonse. Kuyambira pamenepo timalankhulana mwezi ndi mwezi, ndipo mpaka lero nkhope yawo sindinaiyang'ane.

Ndege yamatabwa imafuna kusamalidwa ngati munthu. Ndimaiteteza ku chinyontho, ndimasuzumira m'kati kuona ngati guluu wamasuka, ndimathira mafuta m'malo opindika. Chaka chilichonse ndimayendetsa chala pa nthiti iliyonse ya mapiko. Pansi pa penti mfundo zija zimamveka, tating'onoting'ono, pamzere. Ndikafika pakati pa phiko lachiwiri, pamene singano inachedwa kubwerera, ndimaima pang'ono n'kuthokoza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wogwada mu utuchi. Ndinapempha dzanja la ntchito, Iye anandibwezera banja. Ndipo ananditumizira munthu amene ndinkamuopa kuposa onse, amene mwambo sunandilole ngakhale kumuyang'ana. Ndikuthokoza Grace chifukwa chosatopa kugogoda, ndi mpingo umene sunandifufute.

Inu amene mwatsala nokha m'mafulati a kunoku, amene mukudya choimirira ndi kusiya foni ikulira, sindikuuzani kuti chisoni chimatha. Esinati ndimamusowa tsiku lililonse. Koma sowo ija musaikoke. Bwezerani pa msomali, gwadani ngakhale mawu ali ochepa, ndipo wina akagogoda tsegulani. Bayani singano yanu ngakhale mbali inayo simukuonako munthu. Yanga inabwerera. Mulungu akusungeni nonse. Ameni.